Andichotsa ntchito asanandilipire miyezi iwiri, ndilowere kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Wakhala akugulitsa m'shopu ina ku Limbe kwa zaka zitatu, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Malipiro a miyezi iwiri yomaliza sanawaone, ndipo atafunsa, abwana anangoti bizinesi sikuyenda, asabwerenso. Funso lake nali: "Poti sitinalemberane kontrakiti, kodi ndingadandaule?"

Achemwali, mungadandaule ndithu, ndipo musachedwe.

Nkhani ya kontrakitiyi ndi imene mabwana ambiri amaopsezera anthu. Lamulo la Employment Act la 2000 silinena kuti wantchito ndi yekhayo amene ali ndi pepala. Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano basi. Ndiponso udindo wolemba mfundo za ntchito ndi wa bwana, osati wanu. Vuto lanu lenileni ndi umboni wakuti munkagwiradi ntchito pamenepo komanso kuti munkalandira zingati. Apa ndiye tsegulani foni. Mameseji a Airtel Money kapena Mpamba amene ankabwera kumapeto kwa mwezi, musafufute ngakhale umodzi. Uthenga wa pa WhatsApp woti "mawa mutsegule msanga, katundu akubwera" ndi umboni. Yunifomu, chithunzi chimene munajambulitsa kuseri kwa kauntala, kope lomwe munkalembamo zogulitsa ndi dzanja lanu, mlonda wa pa shopu yoyandikana amene ankakupatsani moni m'mawa uliwonse, zonsezi zimayankhula.

Tiwerengere limodzi zimene akuyenera kukupatsani, chifukwa si miyezi iwiri yokha ayi. Munthu wolipidwa pamwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, apo ayi ndalama za mweziwo. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, ndipo masiku amene simunapume amasanduka ndalama. Ndiye pali severance, yomwe ambiri amaiiwala: ngati akuchotsani chifukwa bizinesi yavuta, pa zaka zisanu zoyambirira mumalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu. Zaka zanu zitatu ndi masabata asanu ndi limodzi amenewo. Lamulo limatinso malipiro a munthu amene ntchito yatha aperekedwe pasanathe masiku 7.

Koyambira ndi ku ofesi ya Leba ya m'boma lanu, osati ku polisi. Anthu ambiri amathamangira ku polisi n'kukabwezedwa, tsiku latha, ndalama ya minibasi yapita. Dandaulo lakuti anakuchotsani mopanda chilungamo liyenera kufika kwa mkulu wa Leba pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Iye amalemba kalata yoitana abwana kuti mukakambirane pamaso pake. Zikakanika pamenepo, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito, ndipo ku Blantyre liliko. Kumeneko mutha kudziyankhulira nokha popanda loya, ndipo bwana ndi amene amayenera kufotokoza chifukwa chomveka chimene anakuchotserani. Ndisakunamizeni, milandu kumeneko imatenga nthawi, nchifukwa chake ndimati yesetsani kuti zithere ku Leba.

Pali msampha umodzi umene ineyo ndinagwamo ndili mnyamata. Nditachotsedwa pa kampani ina, anandiitana mu ofesi, envelopu ili patebulo, cholembera chili pambali. Kapepala kachingerezi kankati ndalandira zonse ndipo sindidzafunanso kanthu. Lendi inali itandipanikiza, ndinasaina osawerenga bwino. Mu envelopumo munali theka la zomwe ndinkayenera kulandira.

Inunso akamva kuti mwapita ku Leba akhoza kukuimbirani mokoma, "bwerani tidzakambirane ngati anthu". Pitani, koma musapite nokha. Akakupatsani ndalama zochepa, landirani, ndipo musanasaine lembani ndi dzanja lanu kuchuluka kwake ndi mawu oti "zotsala sindinalandire". Kenako jambulani pepalalo ndi foni musanatuluke pakhomo.