Funsani Malume: “Sisitimu yagwa, mubwere mawa”

Malume, ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Mwezi watha ndinapita katatu ku ofesi ina ya boma kukakonzetsa dzina la mwana wanga lomwe linalembedwa molakwika. Ulendo uliwonse ndimalipira kabaza ndi minibasi, ndipo tsikulo pa benchi panga sipakhala munthu. Katatu konse yankho linali limodzi: “Sisitimu yagwa, mubwere mawa.” Pa wailesi akuti makompyuta afewetsa ntchito za boma. Kodi sikunali bwino kale, pamene kalaliki ankangotsegula buku n'kulemba?
— Mayi wa ku Dowa

Mayi, pepani kwambiri. Masiku atatu osagulitsa ndi ndiwo za ana za sabata yonse, ndipo palibe amene adzakubwezereni.

Koma kalaliki wa buku mukumunenayo ndinali ine. Ndinagwira ntchito zaka 19 m'chipinda chosungira mafayilo, ndipo sindingakuuzeni kuti tibwerere kumeneko. Denga linkadontha, chiswe chinkadya mapepala a m'munsi, makoswe ankamalizitsa. Ndimakumbukabe mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anabwera kasanu kudzafuna fayilo yake kuti ayambe kulandira penshoni. Ankakhala pakhomo ndi chikwama chake pamiyendo, osadandaula. Fayiloyo tinadzaipeza ili m'kati mwa fayilo ya munthu wina wa dzina lofanana. Ndipo ndinene poyera: panali mafayilo ena amene “ankasowa” m'mawa n'kupezeka masana, mwini wake akatulutsa ya fanta.

Ndiye kompyuta ili ndi ubwino wake weniweni. Mu 2017 bungwe la boma lolembetsa nzika la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, aliyense ndi nambala yakeyake, chithunzi ndi zidindo za zala. Kale munthu wakumudzi wopanda pasipoti kapena laisensi ankadalira kalata ya mfumu kapena chiphaso chovotera kuti adziwike. Lero chiphaso cha unzika chimodzicho ndicho mumaonetsa kubanki, polembetsa simu khadi, ngakhale pogula feteleza wotsika mtengo. A Banda awiri a m'mudzi umodzi sangasokonezedwenso monga anasokonezedwera mphunzitsi uja.

Vuto lanu lagona pena. Kompyuta ya pa ofesi imene munapitayo siisunga zonse yokha. Imafunsa ku makina aakulu amene ali kutali, kudzera pa intaneti. Magetsi akathima, jenereta ikasowa mafuta, chingwe cha intaneti chikaduka kapena kubedwa, makina aakuluwo akadzaza, kalaliki amangokhala manja lende ngakhale atafuna kukuthandizani. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti maofesi ambiri anatseka buku asanakonze njira ina yogwirira ntchito netiweki ikachoka. Kunayenera kukhala kotheka kulandira fomu yanu, kukupatsani kapepala ka nambala, n'kudzakuimbirani zikatheka. Zimenezi sizifuna ndalama za mabiliyoni. Zimafuna bwana woganizira mayi wa tomato.

Dziko lonse linaona kuopsa kodalira kompyuta yokha kumayambiriro a 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu February chaka chimenecho kuti akuba a pa intaneti analanda makinawo ndipo ankafuna dipo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, amalonda a ku Johannesburg ndi Dar es Salaam, onse anaima.

Ndipo kompyuta siichotsa mtima wakuba. Cashgate ya mu 2013 inachitikira m'makina olipirira a boma otchedwa IFMIS: ndalama zinkalipiridwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenako zolemba zake n'kufufutidwa. Madobadoba nawonso sanathe. Pamene pali mzere wautali, iwo amapezapo chakudya, kaya m'kati muli buku kaya kompyuta.

Kuli mayiko amene anazichita bwino. Estonia, dziko laling'ono la ku Ulaya la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, linayamba mu 2001 kulumikiza maofesi ake ndi njira yotchedwa X-Road. Mfundo yawo ndi yakuti boma lisafunse nzika chinthu chimodzi kawiri: ofesi ina ikakhala nacho, inzake ikatenge komweko, osati kutuma munthu kukachita fotokope. Atasokonezedwa ndi achiwembu a pa intaneti mu 2007 anaphunzirapo, ndipo lero amasunga makope a zolemba zofunika za boma ku Luxembourg. Pafupi pano, Rwanda inayamba Irembo, njira yopezera thandizo la maofesi a boma pa intaneti, mu 2015, ndipo anaika maejenti m'madera kuti wopanda foni yamakono athandizidwe pafupi ndi kwawo. Chimenechi ndicho ndikanakonda kwathu kuno, poti maejenti a Airtel Money ndi Mpamba tinawazolowera kale.

Pakadali pano, Mayi, musanakwerenso minibasi pemphani nambala ya foni ya pa ofesipo ndipo muziyamba mwaimba. Fikani m'mawa kwambiri. Tengani chiphaso chanu, kalata ya kubadwa ya mwanayo ngati ilipo, ndi buku lake la kusikelo. Akakubwezaninso, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa ofesiyo, mumuuze masiku amene mwabwera. Wina akakunong'onezani kuti iye angadzutse sisitimu mukampatsa kangachepe, musapereke. Nkhani yotero ndi ya ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

*

Malume, agogo anga amakana kuonetsa chiphaso chawo pena paliponse. Amati anatenga kale zala zawo, ndiye tsiku lina adzawabera nazo. Ndiwauze chiyani?
— Mnyamata wa ku Nsanje

Mphwanga, agogo musawaseke, mantha awo ali ndi maziko. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo wolandira madandaulo ngati wina wagwiritsa ntchito molakwika mbiri ya munthu. Koma akuba ambiri safika n'komwe ku makina a boma. Amabwera pakhomo n'kunena kuti akulemba mayina a thandizo, natenga chiphaso kukagulira feteleza kapena kulembetsera simu khadi yobera anthu. Ena amaimba foni kufunsa nambala yachinsinsi. Auzeni agogo kuti kubanki, kuchipatala ndi ku ofesi ya boma aonetse chiphasocho chili m'manja mwawo, ndipo chibwerere m'thumba nthawi yomweyo. Chisagone kwa munthu wina, ngakhale atabwera ndi mwana wa amfumu.