Nkhani ya CAPS, DeMbare ndi Bosso: kuyankha achimwene a Maule aja

Achimwene mwati mwangofika kumene muno mu Harare kuchokera ku Blantyre, ndinu a Maule, sapota wa Bullets, ndiye mukudabwa kuti a CAPS United akangomva dzina la Dynamos (DeMbare) nkhope imasintha pomwe a Dynamos mukawafunsa mdani wawo amakuuzani za Highlanders (Bosso), timu ya ku Bulawayo uko makilomita oposa 400. Mwafunsanso kuti musapote iti. Ine ndine wa CAPS kuyambira ndili mwana ku Mufakose mu Harare momwemuno, nkhaniyi imandiwawa ndithu, ndiye mundipirire ndilemba motalikirapo.

Musayerekeze ndi dabi ya kwanu ija. Bullets ndi Noma (Wanderers) onse ndi a m'ma 1960, akulira limodzi pa Kamuzu Stadium, uyu akada uyu nayenso amabweza chimodzimodzi. Kuno sizili choncho ayi. Dynamos inayamba 1963 ku Mbare, dera la mu Harare, nthawi ya atsamunda, ndipo Mbare ndi pomwe aliyense ankafikira, basi imakutsitsa pa Musika, ukagona ku mahositelo a Matapi, Lamlungu ukapezeka ku bwalo la mpira la Rufaro. Munthu wochokera ku Murehwa, ku Masvingo, ku Mutare, ngakhale azigogo athu ochokera ku Nyasaland, amati akagwira ntchito mtauni nkubwerera kumudzi kapena ku famu atanyamula DeMbare mumtima, ana ake nkutengera pomwepo osauonapo nkomwe Rufaro. Ndiye chifukwa chake Dynamos ikapita kukasewera kutali imakapeza anthu a buluu atadzaza kale bwalo la eni ake. CAPS inabwera 1973, zaka khumi pambuyo, komanso inali timu ya kampani yopanga mankhwala. Pofika ife mitima ya anthu inali itatengedwa kale.

Nde onani mmene zimakhalira. Ife tili mu mzinda umodzi ndi chimphona chomwe chatenga ligi koposa ka 20, ife kasanu basi, 1979, 1996, 2004, 2005 ndi 2016. Kondakitala wa kombi ndi wa DeMbare, wometa tsitsi ndi wa DeMbare, apongozi ako a DeMbare, ndiye iwe gemu imeneyi umayamba kuiwerengera masiku fikisicha ikangotuluka. Tsiku la dabi ku Rufaro ukakhala mbali yathu umaona sitandi ya Vietnam ili buluu yokhayokha, ng'oma zikulira kuyambira timu zisanatuluke, ife obiriwira tili kagulu kathu tikukuwa mpaka mawu kutha. Tikawina, Lolemba umapita ku ntchito jezi ili mkati mwa ovolosi kuti umuonetse mnzako, iye amangokuyankha kuti zachitika, ife tikudikira Bosso. Mawu amenewo amapweteka kuposa kuluza 3-0, chifukwa akukuuza kuti chidani chako chonsecho iye sakuchiwerengera. Ena amanena dala kuti akupsetse mtima, inde, koma ambiri amanena zoona za mumtima mwawo.

Chifukwa chake nchakuti ya Dynamos ndi Highlanders si ya mpira wokha. Bosso inayamba 1926, oyambitsa ake ndi adzukulu a mfumu Lobengula, ndipo kwa munthu wa ku Matabeleland timu imeneyi ndi chilankhulo chake, mzinda wake, komanso mabala a kuphedwa kwa anthu ambiri komwe kunachitika kumeneko m'zaka za m'ma 1980 omwe mpaka pano sanapole. Mukadzapita ku bwalo lawo la Barbourfields mudzamve sitandi ya Soweto ikuyimba mudzamvetsa. Bosso inatenga ligi komaliza 2006 koma anthu sanaisiye olo pang'ono. Mu Bulawayo momwemo Chicken Inn inatenga ligi 2015, masapota ake mutha kuwakweza mabasi ochepa chabe, ndipo Zimbabwe Saints yomwe inali mdani weniweni wa mtauni, akatswiri a 1988, inagwa mpaka ana a lero ambiri sanaionepo mu ligi yaikulu.

Apa mpomwe ndimatsutsana ndi anyamata a mu gulu muno omwe amati masapota amatsata makapu. Bodza limenelo. Pitani ku Zvishavane. FC Platinum inatenga ligi kanayi motsatizana kuyambira 2017, ndalama ilipo, bwalo la Mandava ndi labwino, koma funsani madala a kumeneko, mtima wawo uli ku Shabanie Mine, timu ya mgodi wa asibesitosi womwe unagwa nkusiya anthu pa ulova. Munthu amasapota komwe bambo ake ankalandirira malipiro, komwe anakulira, komwe anaikako maliro. Ife a Chichewa izi timazidziwa bwino chifukwa makolo athu ambiri anali a m'migodi ndi m'mafamu, ku Hwange, ku Mhangura, ku Kadoma, Loweruka gule kukomboni Lamlungu mpira wa timu ya mgodi, ndipo mwana wa ku Hwange olo akhale ku Harare zaka zingati amayamba wafunsa kaye kuti Chipangano, timu ya kwawo, yasewera bwanji. Ngezi Platinum inatenga 2023, Simba Bhora ya ku Shamva 2024, Dynamos siinatengenso ligi chichokereni 2014, koma kwerani kombi ya ku Mbare mumve ngati nkhani yasintha.

Kunena chilungamo a DeMbare ali ndi chonyadira. 1998 anafika fainolo ya CAF Champions League nkuluza kwa ASEC Mimosas ku Abidjan, palibe timu ina ya muno yafikapo pamenepo. Ifenso tili ndi zathu, 2017 tinatulutsa TP Mazembe ya ku DR Congo yonse ija nkulowa m'magulu a mpikisano womwewo, ndipo sindidzasiya kuikamba.

Tsono za kuti musapote iti. Mwa chikhalidwe Maule ndi DeMbare ndi amodzi, timu ya anthu wamba, ya phokoso, yosavomera kuluza. Kalisto Pasuwa amene anakupatsani maligi motsatizana ku Bullets kuyambira 2018 ndi yemweyo anapatsa Dynamos anayi kuyambira 2011 mpaka 2014, ndipo Moses Chunga, katswiri wakale wa Dynamos amene anthu amamutcha Bambo, magazi ake ndi a kwathu konko. Vuto ndi loti muzikavala buluu, mtundu wa Noma, kaya mtima wanu ulola. Mbali yathu tili ndi Joseph Kamwendo, anabwera kuchokera ku Malawi nkukhala Soccer Star of the Year 2005 atavala zobiriwira, mlendo woyamba kutenga ulemu umenewo muno, ndipo chaka chimenecho ife ana a Amalawi tinkayenda mutu uli m'mwamba mu Mufakose monse. Ine ndingakonde mubwere kwathu, sindibisa. Koma musasankhe pa foni, dikirani dabi ikubwerayi mupite ku Rufaro msanga mageti asanadzaze, muvale malaya opanda mtundu wa timu iliyonse, ndipo ngati mwakhala ku Vietnam CAPS ikachinya musadumphe.