Amayi afunsa: ndalama za mayunivesite a boma zimapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mtendere, kuno ku Lusaka, amene mwana wawo wamkazi ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ya boma. Akufunsa kuti, popeza boma linalengeza maphunziro aulere, n'chifukwa chiyani iwo akulipirabe gawo la fizi ndi lendi ya chipinda cha mwanayo ku Kalingalinga, ndiponso kuti ndalama zimene Nduna ya Zachuma imawerenga mu bajeti zimathera kuti, pakuti mayunivesite sasiya kulira umphawi.

Amayi, maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 amalekezera pa Giredi 12. Ku yunivesite ndalama za boma zimafika kudzera m'njira ziwiri. Ina ndi thandizo limene boma limapereka mwachindunji ku yunivesite kuti iyendetsere ntchito zake. Ina ndi ngongole ya ophunzira, imene imadzera ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale. Ngongoleyi kwa ena imalipira fizi yonse, kwa ena gawo lokha, ndipo chotsalacho ndi chimene chikugwera inu. Ndalama ya chakudya, imene inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, imadzeranso m'njira yomweyi, kotero mukamva kuti ophunzira alandira alawansi, musaganize kuti yunivesite nayo yapuma.

Kuti timvetse kumene vuto linayambira tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Pamene University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 inali ndi ophunzira 312 okha, ndipo akuluakulu amakumbukirabe mmene anthu wamba m'midzi anasonkhera ndalama, nkhuku ndi mbuzi kuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake. Nthawi imeneyo mkuwa unali ndi mtengo ndipo mwana wodyetsa anali mmodzi. Mtengo wa mkuwa unagwa m'zaka za m'ma 1970, koma ana anapitiriza kubadwa: Copperbelt University ku Kitwe mu 1987, Mulungushi University ku Kabwe mu 2008, kenaka Kwame Nkrumah, Mukuba, Chalimbana, Levy Mwanawasa Medical University ndi Kapasa Makasa ku Chinsali. Onsewa amadya mumphika umodzi, ndipo mphikawo umayamba watapidwa ndi ngongole za dziko, zimene zinatilemera mpaka tinalephera kulipira eni Eurobond, ngongole imene boma linatenga kumisika ya ndalama ya kunja, mu Novembala 2020.

Thandizo likafika ku yunivesite, gawo lalikulu limamezedwa ndi malipiro a aphunzitsi ndi antchito ena. Likaperewera, oyang'anira amatenga fizi n'kutsekera pa malipiro, ndipo zimene zimatsalira ndi zija zosafuula: zopereka za ku NAPSA (bungwe la penshoni la dziko), msonkho wa ku ZRA (bungwe lotolera misonkho), ndalama za opuma pantchito, kukonza mapaipi ndi kugula zipangizo za m'malabu. Zotsalirazo zimaunjikana chaka ndi chaka mpaka kusanduka phiri, ndipo ndalama yatsopano ikabwera imayamba yakwirira dzenje lakale.

Zotsatira zake ndinaziona ndi maso anga pamene ndinapita kukaona mwana wa mlongo wanga pa yunivesite ina ya boma. M'chipinda chomangidwira anthu awiri munali anyamata asanu. Matiresi ena anali atawakankhira kunsi kwa bedi kudikira usiku, kasitovu ka magetsi kali pawindo pafupi ndi mabuku, ndipo pakhomo panali ndowa ziwiri za madzi chifukwa mpopi wa pamwamba unali utauma. Mnyamatayo sanadandaule, anangoti amene alibe mnzake womusunga ndiye ali pamavuto enieni. Lendi imene mukulipira ku Kalingalinga, amayi, ndi mtengo wa mahositelo amene sanamangidwe kapena amene anasiyidwa osamaliza.

Tsono ngati mundifunsa chimene chiyenera kutsogola mu bajeti, ine sindizengereza. Choyamba boma lilipire ngongole za opuma pantchito, chifukwa munthu amene anaphunzitsa madokotala ndi mainjiniya a dziko lino kwa zaka makumi atatu sayenera kukalamba akudikira ndalama yake, komanso aphunzitsi achinyamata akaona zimenezo amanyamuka kupita ku Botswana kapena ku South Africa. Kenaka limalize mahositelo ndi kukonza malabu. Kumanga mayunivesite atsopano kudikire kaye. Ndikudziwa kuti chigawo chilichonse chimafuna yunivesite yake, ndipo chikhumbo chimenecho sindichinyoza, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chikwangwani chatsopano popanda aphunzitsi okwanira sichiphunzitsa mwana. Nthawi nayo ikutithamangitsa, pakuti ana ambiri amene anabwerera kusukulu chifukwa cha maphunziro aulere akubwera kudzagogoda pazitseko zomwezi.

Ife amene tinaphunzira ndi ndalama za boma tili ndi mbali yathu. Ngongole ya ophunzira imayenera kuzungulira, ndiye amene ali pantchito koma akuzemba kubweza akutsekera njira ana ngati wanuyo.

Chaka chilichonse, bajeti isanawerengedwe m'Nyumba ya Malamulo, Unduna wa Zachuma umapempha maganizo kwa anthu. Ndikukulimbikitsani, amayi, kuti inu ndi makolo anzanu a ku Mtendere mulembe kalata imodzi, mutchulemo ndalama zimene mumalipira pa lendi mwezi uliwonse ndi mtunda umene ana anu amayenda usiku kuchokera ku laibulale, ndipo ina muipereke kwa phungu wanu wa ku Munali.