Musasiye chinthu mu situdiyo, ine ndinaona zakuda

Eeh achemwali mwanditokosa pachilonda. Za list ya zipangizo zojambulira imene akulemberani kusukulu kuti muguleyo ndikuuzani, koma ndiyambe ndi zija mwati muzisiya ntchito zanu mu situdiyo poti ku hostel malo ndi ochepa, ayi ndithu, ayi, musayerekeze.

Ine chaka chachiwiri tikutsekera ndinasiya potifoliyo yanga ya A1 yodzadza ndi zojambula za makala, ndi makanivasi atatu, kuseri kwa kabati. Class rep anati siyani man kiyi ndimasunga ndine palibe angalowemo. Inali nthawi ya dzinja mvula ili pakati. Tsiku lotsegulira semesita ndisanakasiye ngakhale chikwama ndinathamangira konko, kutsegula potifoliyo ija fungo lake ngati bulangete lonyowa, mapepala onse atachita chuku, madontho akuda ndi obiriwira, atapindikapindika, makala atamatirira tsamba linzake poti sindinapopere kalikonse. Makanivasi awiri chiswe chinatulukira pa mng'alu wa simenti nkudya feremu ya paini mkati monse, kungoigwira chonchi inaphwanyika m'manja ngati bisiketi. Zimenezo ndinapirira, chiswe sichidziwa kuti munthu ali ndi assessment. Koma kanivasi yachitatu panalibe.

Imeneyo ndi imene ndinajambula agogo anga ku Nkhotakota akupeta mpunga. Anandikhalira masana atatu pakhonde akudandaula msana, akuti iwe sukulu yake ndi imeneyi yongoyang'ana anthu kumaso? Lichero lija ndinalipaka penti wokhuthala ndi mpeni wa patebulo poti palette knife ndinalibe, mpaka mkombero wake unkamveka ukaugwira ndi chala. Foto sindinatole, foni yanga nthawi imeneyo kamera inali yakufa. Ndinafunsa class rep, akuti sindikudziwa man. Ndinafunsa abambo osesa, akuti ife sitigwira za ana asukulu. Masabata awiri ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Sabata yachitatu kunali crit (kalasi younikirana zithunzi pamaso pa alekichara) ya ma finale, a chaka chomaliza aja, ife ma conti, a m'zaka zapakati, anatiuza tikakhale nawo tikaphunzire. Mkulu wina waimika chithunzi chake cha nyanja, buluu yekhayekha, mabwato awiri ndi dzuwa likulowa, zija amagulitsa kwa azungu ku Senga Bay zija. Inali cha m'ma 4 koloko dzuwa likulowa pawindo cham'mbali, ndiye mukudziwa kuwala kukabwera cham'mbali chilichonse chotumphuka chimaonekera. Ndikuona m'mitambo mwake muli kamzere kozungulira kotumphuka. Mtima unangoti phwii. Ndinadzuka pakati pa crit anthu akuyankhula, ndinapita nkuitembenuza, kumbuyo kuli ma drawing pin anga amene ndinakhomera nsalu poti stapler ndinalibe, pakona pamene ndinasoka ndi ulusi wofiira itang'ambika, ndi zilembo za dzina langa za bolopeni. Munthu anatenga agogo anga nkuwapaka penti woyera wa PVA kawiri nkujambulapo mabwato. Manja ananjenjemera, mawu osatuluka, kalasi yonse ili duu.

Mukudziwa anati chani? Akuti ndinaitola man ndimayesa yotayidwa. Yotayidwa kuseri kwa kabati, itakutidwa ndi chitenje?? Ndipo chitenjecho ankapukutira maburashi, ndinachiona ndi maso anga. Koma amene anandipweteka kwambiri ndi alekichara, anangoseka pang'ono nkunena kuti kanivasi yopanda dzina kutsogolo ilibe mwini, khalani pansi tipitirize. Basi nkhani yathera pomwepo. Mkulu uja alekicharawo anamuyamikira kuti mitambo yake ili ndi texture yabwino, mxii, texture yake iti, lichero la agogo anga limenelo. Ine anandipatsa masiku 10 kuti ndibweretse ntchito ina apo ayi ziro. Ndipo akiriliki akauma pamwamba pa akiriliki mnzake simungamuchotse osawononga zapansi, ndinayesa kufunsa paliponse. Mpaka lero ndikamuona mkulu ameneyo pa Facebook akulemba za kulemekeza luso ndimangotseka foni.

Ndiye inu chilichonse chanu lembani dzina kumbuyo ndi marker wamkulu, feremu yomwe, ndipo muzitola foto ntchito iliyonse ikangotha, ngakhale ya pa foni yobwereka, nkudzitumizira pa imelo. Potsekera nyamulani zonse. Ngakhale kunena zoona semesita yotsatira nditanyamula zonse kondakitala anakaika kanivasi yanga kumbuyo kwa minibasi pansi pa thumba la mbatata, kufika pa Salima itabooka pakati kkkk, ndiye kaya. Mwina chotsani nsalu pa feremu, muikulunge penti ali kunja osati mkati kuti asasweke, mulowetse mu paipi ya PVC. Mukakakamizika kusiya, osaika pansi kapena kutsamiritsa kukhoma, ikani pamwamba pa kabati.

Za list, musagule zonse sabata yoyamba, theka la zinthu amalemba aja simudzazigwira nkomwe, ine ndili ndi botolo la linseed oil mpaka pano losatsegula. Dikirani muone kaye lekichara aliyense akufuna chani. Koma penti yekha ndalama ikangolowa gulani tsiku lomwelo, zinthuzi zimachokera kunja, munaona mmene zinakwerera kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023. Mitundu isanu yakwana, wofiira, wachikasu, buluu, woyera ndi wakuda, ndipo woyerayo gulani wamkulu chifukwa ndi amene amatha msanga. Enawo muzisakaniza nokha, ndi mmene mungaphunzirire mitundu. Mapensulo 2B ndi 6B, kaya HB muli naye kale. Kanivasi ya mu shopu isiyeni, gulani kaliko pa mita kwa amwenye, feremu akukhomereni kalipentala, musakanize PVA wa ku hadiweya ndi guluu wa matabwa pang'ono, mupake kawiri kapena katatu mukudikira kuti aume, nkukwecha pang'ono ndi sandpaper. Makala otcha nokha amagwira bwino, timitengo towongoka tosenda khungwa mu chitini chotseka chobowola kabowo kamodzi, nkuika pa mbaula mpaka utsi usiye kutuluka. Fixative, yopopera pa zojambula za makala kuti zisafufutike ija, ngati yadula hair spray amathandiza, kungoti pepala limadzachita chikasu pakapita nthawi ndiye osapopera ntchito imene mukuifuna zaka zambiri. Maburashi a akiriliki tsukani pompopompo, mukangoti ndidye kaye mwataya burashi.

Ndipo osabwereketsa penti, anthu amafinya chubu pakati ngati Colgate nkubweza chopanda chotsekera. Osakhulupirira munthu mu situdiyo olo akhale wa kwanu. Komabe pezani anzanu awiri atatu muzisonkherana pogula, kaliko ndi PVA wa malita 5 zimatsika mtengo mukagawana. Inenso masiku 10 aja anandipulumutsa ndi mtsikana wina wa m'kalasi mwathu amene sitinkayankhulana nkomwe, anangobwera usiku ndi kaliko mita imodzi ndi woyera wake theka nkusiya patebulo osanena kanthu. Ndinajambulanso agogo kuchokera m'mutu koma nkhope siinatuluke, inangokhala ya gogo wina aliyense, ndinapeza 52.

Chija cha mabwato ndinamva kuti anagulitsa pa exhibition yawo yomaliza. Ndiye penapake pakhoma la munthu agogo anga akupetabe mpunga pansi pa nyanja, ine olo 1 kwacha sindinaione.