Ndege ikagwa, mlandu ngwa ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati n'chilungamo kumangoloza chala oyendetsa ndege ngozi ikachitika, kampani yopanga ndegeyo ili phee. Ine ndimaona kuti woyendetsa amafulumira kusenzetsedwa mlandu chifukwa nthawi zambiri amafera pomwepo, sangadziyankhire.

Taonani za ngozi ziwiri za ndege za mtundu wa Boeing 737 MAX. Ndege ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia pa 29 Okutobala 2018, anthu 189 n'kufa. Pa 10 Marichi 2019 ya Ethiopian Airlines inagwanso itangonyamuka ku Addis Ababa, n'kupha anthu 157. Zonse ziwiri zinali ndi pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS, yomwe inkazolikitsa ndege payokha podalira kachipangizo kamodzi kokha koyeza mmene ndege yapendekera polimbana ndi mphepo. Kachipangizoko katanama, ndege inkangoweramira pansi mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo. Chowawa n'chakuti oyendetsa a Lion Air sanauzidwe n'komwe za MCAS. Ndiye munthu mungamuzenge bwanji mlandu wolephera kugonjetsa chinthu chomwe anamubisira? Ndege za mtunduwu zinaletsedwa kuuluka kwa miyezi pafupifupi 20, ndipo mu Januwale 2021 kampani yozipanga, ya Boeing, inavomera ku America kulipira madola 2.5 biliyoni.

Sikuti oyendetsa salakwa ayi. Pa ngozi ya Air France 447 mu 2009, zipangizo zoyezera liwiro zinatsekeka ndi madzi oundana kwa kanthawi, koma woyendetsa wina anapitiriza kukweza mutu wa ndege mpaka mapiko analephera kuinyamula, n'kugwera m'nyanja ya Atlantic ndi anthu 228. Ofufuza a ku France anadandaulanso kuti oyendetsawo sanaphunzitsidwe mokwanira kuwongolera ndege pamanja ili m'mwamba kwambiri.