Kukayikira chozizwitsa si kukana Mulungu

Achimwene, mwafunsa ngati ndi tchimo kukayikira zozizwitsa zomwe zimalengezedwa pa misonkhano ya chitsitsimutso ija. Ine ndikuti ayi, komabe ndimakhulupirira ndithu kuti Mulungu amachiritsa.

Taonani pa Luka 17:14, Yesu anauza akhate khumi aja kuti apite akadzionetse kwa ansembe, ndipo pa nthawiyo ansembe ndi omwe ankatsimikiza kuti munthu wachira khate. Ndiye mneneri akamaletsa munthu kukayezetsa kuchipatala akuti ukumuyesa Mulungu, ameneyo akubisa chani?

Kwathu kuno ku Bangula kunabwera mneneri wina ndi zimkuzamawu zake, masiku atatu pabwalo, anthu mpaka ochokera ku Makhanga kuwoloka Shire pa bwato. Azakhali anga anauzidwa kuti achira asiye ma ARV, anagulanso kabotolo ka mafuta ndi ndalama ya mbuzi yawo imodzi yokhayo, miyezi ingapo thupi linatheratu tinachita kuwanyamula pa njinga. Anayambiranso mankhwala pano akulima, koma mtima umandiwawabe ndikakumbuka.

Zizindikiro mu uthenga zili ndi malo ake, Yohane 20:31 akuti zinalembedwa kuti tikhulupirire kuti Yesu ndiye Khristu, osati kuti titame mlaliki. Simoni wa ku Samariya uja anafuna kugula mphamvu ndi ndalama Petro anamudzudzula (Machitidwe 8). Inuyo dzafufuzeni wochiritsidwayo pakatha mwezi, funsani aneba ake, ndipo amayi anu apitirize mankhwala awo a shuga uku tikuwapempherera.