Funsani Alangizi: Bungwe likachoka, mbewu ndi mbuzi zimatsala m'manja mwa yani?

FUNSO: Kalabu yathu ili ndi anthu 24. Bungwe lina linatipatsa mbewu ya mtedza wa CG7 pa ngongole yobweza kawiri, kuti ena alandireko chaka chotsatira. Pulojekiti inatha, ndipo pano mbewu ya m'nkhokwe ya gulu ndi yosakanikirana komanso ikumera mwapatalipatali. Tipemphenso ina? (Mlembi wa kalabu, Chamama)

YANKHO: Bambo, musanalembe kalata yopempha, yang'anani kaye pakhomo lomwe mbewu ikulowera m'nkhokwe, chifukwa kawirikawiri vuto limayambira pamenepo. Mlimi akakolola amagulitsa mtedza wabwino kwa mavenda, kenaka nkudzabweza ku gulu wotsalira, wa mphwephwa, pena wogula pamsika. Komiti imalandira chifukwa cha manyazi, poti wobwezayo ndi mlamu kapena mwana wa amfumu. Zikatero zaka ziwiri, dzina la CG7 limatsala m'buku mokha.

Mtedza umadziberekera wokha, sufuna mungu wa m'munda wina, n'chifukwa chake mungathe kubwereza mbewu yake nyengo zitatu osataya mtundu. Chimanga cha haibulidi sichitero, musachiike m'ndondomeko yobwezayi. Soya naye ngwovuta: mbewu yake imafa msanga, ikagonera chaka chachiwiri musaidalire.

Kusankha mbewu kuyambire kumunda. Anthu awiri a komiti pamodzi ndi mlimi wotsogolera ayendere munda wa aliyense mtedza ukadali wobiriwira, azule mitengo yooneka mtundu wina ndi yodwala khate. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu, ndipo amakonda mtedza wobzalidwa mochedwa ndi wotalikana. Bzalani ndi mvula yoyamba, mizere yotalikana masentimita 75, njere imodzi paphando, mapando otalikana masentimita 15. Kumene khate lakhazikika, funsani alangizi za mtundu wa Nsinjiro, umene umapirira kuposa CG7.

Pobweza, landirani mtedza wosaswa wokha, wouma moti ukaugwedeza uzilira m'chikoko. Tengani makoko odzadza manja awiri kuchokera pakati pa thumba, muswe pamaso pa onse. CG7 ndi wofiira. Mukapezamo njere zotuwa kapena zing'onozing'ono zambiri, thumbalo libwerere. Mbewu isungidwe m'makoko momwemo, matumba atasanjidwa pathandala, osakhudza pansi kapena khoma, ndipo iswedwe ndi manja kwatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti mubzale. Chizolowezi chowaza madzi kuti makoko afewe chilekeni. Chimabweretsa chuku, ndipo chuku chimapha mbewu komanso n'chimene chimakanitsa mtedza wathu m'misika yabwino.

M'mwezi wa Okutobala yesani kameredwe. Werengani njere 100, mubzale mu mchenga wonyowa pamthunzi, muzithirira, ndipo pakatha masiku 10 muwerenge zomera. Zikachepera 80, mbewuyo yatopa. Apa ifeyo tikuona kuti kugula kukuposani kupempha: gulitsani mtedza wa m'nkhokwewo ngati wakudya, onjezerani ndalama ya ku banki mkhonde, mugule mbewu yovomerezeka yokhala ndi chizindikiro pathumba, muipereke kwa alimi anayi kapena asanu osamala kuti achulukitse. Bungwe mungalipemphe kuti likulumikizeni ndi wogulitsa mbewu wodalirika kapena msika. Mbewu yaulere ikalowa pakhomo lomwe lija, idzathanso chimodzimodzi.

FUNSO: Tinalandira mbuzi zopatsirana, banja lililonse misoti iwiri. Papita zaka ziwiri koma mabanja a gulu lachiwiri ambiri sanalandire. Ena akuti ana akufa, ena akuti mbuzi sizikutenga bere. (Mayi wa ku Santhe)

YANKHO: Mayi, mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo mwana amaleka kuyamwa ali ndi miyezi itatu kapena inayi. Choncho pa zaka ziwiri msoti wathanzi umayenera kukhala utaswa kawiri. Ngati sizinatero, funso loyamba ndi la tonde. Nthawi ya dzinja mbuzi zimakhala pachingwe kuopa mbewu za eni, aliyense kwake, ndiye tonde wa gulu sakumana nazo. Tonde mmodzi amakwanira zazikazi 20 mpaka 25, koma pakhale ndondomeko yoti mbuzi ikaonetsa nyere (kulira kwambiri, kugwedeza mchira) ipite kwa tondeyo tsiku lomwelo. Muzisinthana tonde ndi mudzi wina asanayambe kukwera ana ake omwe, apo ayi ana amabadwa ofooka.

Imfa za ana zimachokera kwambiri ku njoka zam'mimba ndi chinyontho cha m'khola. Khola la m'mwamba, lokwera pafupifupi mita imodzi, lokhala ndi mipata yoti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe, limachepetsa zonse ziwiri, ndipo manyowa mumangowola pansi pake. Mankhwala a njoka aperekedwe poyamba ndi pothera pa mvula, mlingo wake akuuzeni alangizi a ziweto. Masangwi a mtedza musawotche. Aumitseni pamthunzi, adzakuthandizani mu Seputembala ndi Okutobala msipu ukatha.

Palinso mbuzi zina zimene “zimafa” fizi ya sukulu ikafika. Lembani lamulo pamaso pa a nyakwawa loti mbuzi ikafa, komiti ione mtembo tsiku lomwelo, ndipo amene akudikira kulandira adziwe kale kuti msoti wake udzachokera khola liti. Wodikirayo ndiye amakhala mlonda weniweni. Banja likhale mwini wa mbuzi likamaliza kupereka, osati tsiku lolandira.

FUNSO: Kwabwera anthu akuti ndi a bungwe, akufuna aliyense alipire ya kalembera kuti adzalandire feteleza ndi mapampu a mthirira. Tilipire? (Bambo wa ku Chulu)

YANKHO: Musalipire kaye. Bungwe logwira ntchito zaulimi limayamba ladzionetsa ku khonsolo ya boma la Kasungu, nkudutsa ku makomiti a chitukuko a m'dera (ADC) ndi a m'mudzi (VDC), ndipo kumudzi limafika ndi mlangizi wa m'dera lanu. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) mukafunse ngati akuwadziwa. Mabungwe oona ena amafunadi kuti alimi asonkhepo kanthu, monga njerwa, mchenga kapena gawo la mtengo wa pampu, koma zimenezo zimalembedwa m'pangano, ndalama imalowa m'thumba la gulu lanu ndipo pamakhala lisiti.

Akapezeka kuti ndi enieni, afunseni pulojekiti idzatha chaka chanji, pampu ikawonongeka zipangizo zake zimagulidwa kuti, ndipo ndani m'mudzimo adzaphunzitsidwe kukonza. Gulu liyambe kusonkha kandalama ka zokonzera kuyambira pa zokolola zoyamba za kudimba, ndipo msungichuma asakhale yemwe akusunga pampuyo.